Banja Laling'ono m'Dziko Lalikulu: Kuŵerenga Chithunzi cha Ulendo wa ku Aigupto

Mau amene mlembi wa Chigwirizano adayankhula pa tsiku la chikondwerero chathu



Komiti idandipempha kuti pa tsiku lalikulu ngati lino ndiyankhulepo mau oti tonse tikaganizire kunyumba. Tsono ine ndasankha kuti tiŵerenge chithunzi. Inde, ndati tiŵerenge. Ambiri a ife timaŵerenga kalata, timaŵerenga Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo, koma chithunzi timangochiyang'ana kamodzi nkunena kuti nchokongola, basi tatembenuza tsamba. Komatu chithunzi chabwino chili ndi mau ake, ndipo ngakhale mayi amene sadapondeko m'kalasi angathe kuwamva ngati afatsa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Chimene chapachikidwa kutsogoloku nchaching'ono, kotero inu a kumbuyo musavutike ndi kudzuka. Ndifotokoza zimene zili m'menemo, ndipo tikatseka msonkhano mubwere mudzaone pafupi.

Ndikudziŵa kuti ena mumtima afunsa kale kuti, "Kodi za zithunzi si za mafano zimenezi?" Funsolo nlabwino. Lamulo lachiŵiri litiletsa kugwadira ndi kupembedza chinthu chopangidwa ndi manja, ndipo ife sitigwadira chithunzi ichi ai. Tichitenga monga titengera fanizo. Ambuye Yesu pophunzitsa ankaloza mbalame, maluŵa a kuthengo, munthu wofesa mbeu, ndi mayi wosesa m'nyumba kufunafuna ndalama yake yotayika, kuti omvera aone ndi maso a mumtima chimene makutu okha sakadagwira.

Ndiponso kuphunzitsa ndi zithunzi si chinthu chachilendo kwa ife Acheŵa. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 kumene anthu akale adajambula pa mathanthwe. Zofiira adajambula Akafula, ndipo zoyera adajambula makolo athu olima ndi khasu. Zina mwa zoyerazo zinali zolangizira atsikana. Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika maloŵa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Mtsikana akaona chizindikiro pathanthwe nkuuzidwa tanthauzo lake, sankaiŵala. Ngakhale ife lero, tikavala duku loyera ndi bulauzi yoyera, munthu wa panjira adziŵa kumene tikupita tisanatsegule pakamwa. Kotero luso loŵerenga zizindikiro tili nalo kale.

Chithunzi chathuchi adajambula ndi mmisiri wina dzina lake Pieter Bruegel, m'chaka cha 1563. Iyeyu adakhala m'dziko limene lero litchedwa Belgium, poyamba mu mzinda wa Antwerp, kenaka ku Brussels, kumene adamwalira mu 1569. Inali nyengo imene azungu aitcha Renaissance, ndiko kunena kubadwanso kwa maphunziro ndi luso la manja, cha m'zaka za 1400 kufikira cha m'ma 1600. Adajambula ndi utoto wa mafuta pa thabwa laling'ono, masentimita 37 msinkhu wake ndi masentimita 56 m'litali, longa thireyi yoperekera tiyi kwa alendo. Chenichenicho chikusungidwa ku London, m'nyumba yoonetsera zithunzi yotchedwa Courtauld Gallery, imene idachilandira mu 1978. Ife tili ndi chosindikiza chabe.

Nkhani yake tonse tiidziŵa, ili pa Mateyu 2, kuyambira ndime 13 kulekeza 15. Anzeru a kum'maŵa atabwerera kwao, mngelo adachenjeza Yosefe m'maloto kuti Herode afuna kupha Mwanayo. Yosefe adadzuka usiku womwewo, natenga Mwana ndi amake, nathaŵira ku Aigupto, ndipo adakhala komweko mpaka Herode atafa. Ndime zitatu zokha. Mateyu sadatiuze kuti adadya chiyani panjira, adagona kuti, kapena Mariya adamva bwanji mumtima. Ngakhale bulu amene timamuona m'zithunzi zonse, Mateyu sadamtchule. Mpata umenewu ndi umene amisiri adaloŵamo, aliyense nayesa kutionetsa momwe ulendowo udaliri.

Poŵerenga chithunzi pali zinthu ziŵiri zoti tifunefune. Choyamba ndi mtima wake, ndiko kunena chimene tikumva m'kati mwathu pochiyang'ana, kaya ndi mantha, chisoni, mtendere kapena chimwemwe. Chachiŵiri ndi zizindikiro, tinthu timene wojambula adaika dala kuti tinene kanthu kena. Tiyambe ndi mtima wake.

Mukachiyang'ana koyamba, simuona Yosefe kapena Mariya ai. Muona dziko. Muona mtsinje waukulu wotambalala pakati pa mapiri, nkhalango, mathanthwe, ndi timizinda tooneka mwachimbuuzi m'mphepete mwa madzi. Wojambula watiimika pamwamba, monga munthu waima pa phiri nkumayang'ana kunsi, kotero kuti maso athu apita kutali kwambiri. Pambuyo pake ndi pamene diso lifika pa kanthu kofiira chakunsi kuno, ndipo tizindikira kuti ndi mayi ali pa bulu, wafukata khanda, ndi bambo ali patsogolo kutsogolera buluyo potsika mtunda.

Onani momwe adayalira mitundu. Pafupi ndi ife pali mtundu wa dothi, wofiirira ndi wakuda. Pakati pali pobiriŵira. Kutali kwenikweni kuli mtundu wa mtambo, umene ana asukulu amati buluu, ndipo upita nuzilala mpaka phiri ndi thambo zikhala ngati chinthu chimodzi. Amisiri a dziko lakwao adali ndi mwambo umenewu wa mitundu itatu pofuna kuonetsa kutalika kwa malo pa thabwa lafulati. Inu a ku Mpingu ndi ku Namitete mungachitire umboni kuti sadaname. Mukaima m'munda mwezi wa Febuluwale, pamapazi panu pali katondo, patsogolo panu chimanga ndi dambo zili biriŵiri, koma mapiri a Dzalanyama aoneka amtambo, chikhalirecho mitengo yake njobiriŵira monga ina yonse. Mtundu umenewo ndi umene utiuza kuti ulendo ngwautali, ndipo mwendo ukhoza kutopa tisanapondeko.

Tsono mtima wa chithunzichi uli pa kusiyana kwa zinthu ziŵiri, kukula kwa dziko ndi kuchepa kwa banja. Dzikolo lili phee, lokongola, madzi ali bata, kunja kwayera. Palibe chimphepo, palibe mphezi, palibe mtambo wakuda wosonyeza kuti kwagwa zoopsa. Komabe ife odziŵa nkhaniyi tidziŵa kuti kumbuyo kwao, ku Betelehemu, amayi akulira ana ao aamuna a zaka ziŵiri ndi ocheperapo. Nchifukwa chake chithunzichi chitipatsa mtendere ndi mantha nthaŵi imodzi. Amayi anzanga, amene mudatayapo mwana kapena mwamuna mudziŵa chimene ndikunena. Tsiku la maliro dzuŵa lituluka monga mwa masiku onse, atambala alira, ena apita ku msika, ndipo iwe udabwa kuti dziko silidaime bwanji. Bruegel adachidziŵa chimenechi. Tsoka la banja limodzi silisintha nkhope ya dziko, ndipo anthu a m'timizinda ta m'mphepete mwa mtsinjewo sadziŵa nkomwe kuti Mpulumutsi akudutsa pamtunda pao.

Tsopano tibwere pa zizindikiro, chimodzichimodzi.

Choyamba ndi chofunda cha Mariya. Amisiri ambiri ankamuveka chofunda cha mtundu wa mtambo, koma uyu adamuveka chofiira, ndi choyera kumutu. Kumbuyo kwake kuli madzi a mtsinje, kotero kufiirako kuonekera ngati khala la moto pa phulusa. Akadapanda kutero, banjalo likadasoŵa m'nkhalangomo. Odziŵa za zithunzi amati mtundu wofiira kaŵirikaŵiri unena za chikondi ndi za mwazi, ndipo woyera unena za kuyera mtima. Mwanayo wakulungidwa zolimba, wapanikizidwa pa chifuŵa cha amake, monga tichitira ife pothamangira ku chipatala usiku wa mwezi wa Juni.

Chachiŵiri ndi Yosefe. Zovala zake nzotuŵa, zosakopa maso, ndipo watifulatira, maso ake ali panjira. Sitiona nkhope yake, tiona msana wa munthu amene ali ndi ntchito yoti agwire. M'Buku Lopatulika monse mulibe mau ngakhale amodzi otuluka pakamwa pa Yosefe ameneyu. Timangomva kuti adadzuka, adatenga, adapita. Azibambo amene muli pano, ulemu wanu uli pamenepa. Bulu akamatsika mtunda ali ndi katundu afuna dzanja lodekha, monga adziŵira onse oyendetsa ngolo za abulu kupita ku msika wa Nsaru.

Chachitatu chili kumanja, kumbuyo kwa banjalo. Pali mtengo wodulidwa nthambi, ndipo pa mtengopo pakhomedwa kakachisi kakang'ono. Mukayang'anitsitsa muona kuti kafano kamene kanali m'katimo kakugwa chamutu. Za ichi Mateyu sadalembe. Idali nthano ya Akristu akale yonena kuti Mwanayo ataloŵa m'Aigupto mafano adagwa okha, ndipo ankaigwirizanitsa ndi ulosi wa pa Yesaya 19, ndime 1, wonena za kugwedezeka kwa mafano a dzikolo pofika Yehova. Onani kuti palibe amene wakagenda kafanoko. Yosefe sadatembenuke, Mariya sadakaloze chala. Khanda losatha kuyenda kapena kuyankhula langodutsa, ndipo mulungu wonama wagwa. Tsono inu amene mumaopa kuti tikubweretsa mafano, onani kuti chithunzi chomwechi chikulalikira kugwa kwa mafano.

Chachinai chili pansi pa mtengo womwewo. Pali nthambi ziŵiri zakugwa zimene zapingasana. Munthu wothamanga anena kuti ndi nkhuni chabe, zoti nkutola pobwerera kumunda. Koma zapanga mtanda. Apa wojambula akutinong'oneza chinthu choŵaŵa, kuti Mwana amene wapulumuka lupanga la Herode lero adzafabe tsiku lina. Mayi wamthaŵitsa imfa imodzi, ina ikumudikira patsogolo pa zaka zoposa 30. Sadaujambule waukulu mtandawo, adausiya paudzu pomwepo, pakuti nthaŵi yake idali isanakwane.

Chachisanu ndi tizilombo tiŵiri tonga abuluzi, chakunsi kwenikweni, pafupi ndi njira imene buluyo akupita. Ntating'ono kwambiri kotero kuti ambiri satiwona. Anthu a nthaŵi imeneyo ankatenga tizilombo totere monga chizindikiro cha zoipa. Zoipa za m'chithunzichi sizidabwere ngati mkango wobangula, zidabwera zokwaŵa, zobisala m'miyala, pafupi ndi phazi. Ndi mmene zimakhalira ndi m'mabanja mwathu ndi m'mipingo mwathu. Chimene chiwononga nthaŵi zambiri ndi kamiseche, kansanje, kakusakhululuka, tinthu tokwaŵa pansi timene tinena kuti ntachabe.

Chachisanu ndi chimodzi chili kumanzere, kumene kuli mathanthwe akuda. Kumeneko kuli anthu ena atatu apaulendo, ang'onoang'ono ngati nyerere. Sitiuzidwa kuti ndani, kaya ndi amalonda, kaya ndi othaŵa anzao. Koma atikumbutsa kuti njirayo njopitamo anthu wamba, ndipo aliyense wokumana ndi banjali akadangoti ndi mmisiri wa matabwa wosauka ndi mkazi wake ndi kamwana, monga ena onse.

Poŵerenga chithunzi tiyenera kufunsanso chimene wojambula adasiya. Zaka ngati 45 Bruegel asanajambule chake, mmisiri wina wa ku Antwerp komweko, Joachim Patinir, adajambula nkhani yomweyi kangapo. Iyeyo adaikamo asilikali a Herode akupha ana m'mudzi chakutali, ndiponso munda wa tirigu wa m'nthano ina yakale. Nthanoyo imati banjali lidadutsa mlimi akufesa, ndipo tirigu adakula nkucha usiku umodzi. Asilikali atafika nkufunsa, mlimi adayankha zoona kuti anthuwo adadutsa iye akufesa, ndipo asilikali poona tirigu wakucha adaganiza kuti papita miyezi, nabwerera. Bruegel adasiya zonsezi. Mwa iye mulibe msilikali, mulibe Herode, mulibenso mngelo woŵala wotsogolera njira. Mdani saoneka, mthandizi saonekanso. Chatsala ndi kumvera kokha: adauzidwa kuti nyamukani, ndipo anyamuka. Ambiri a ife ulendo wathu wa chikhulupiriro ngwotere. Mau tidamva kamodzi, ndipo masiku otsalawo tiyenda popanda chozizwitsa chooneka.

Wina angafunse kuti, "Nanga njira ya ku Aigupto si ya mchenga ndi chipululu? Mapiri obiriŵiraŵa ndi mtsinje waukuluwu zachokera kuti?" Zoonadi, dziko ili silifanana ndi la Ayuda. Silifanananso ndi kwao kwa wojambulayo, pakuti kumeneko nkwachidikha. Cha m'ma 1552 Bruegel adayenda ulendo wa ku Italy, nakhalako zaka ngati ziŵiri, ndipo adadutsa m'mapiri aatali otchedwa Alps. Mapiriwo adamkhala m'maso moyo wake wonse. Kotero adasonkhanitsa mapiri amene adaona paulendo, mitsinje ndi nyumba zonga za kwao, napanga dziko limodzi loimira dziko lonse lapansi. Mu 1566 adachita zoposa apa: adajambula kalembera wa ku Betelehemu monga mudzi wa kwao nthaŵi ya chisanu, madzi ataundana, ana akuseŵera, ena akupha nkhumba, ndipo Mariya ali pa bulu pakati pa khamu popanda womuzindikira. Sikuti adali mbuli. Ankafuna kuti anthu akwao aleke kuganiza kuti nkhaniyi idachitikira anthu ena kutali, kalekale.

Nzeru yomweyi ilipo kuno kwathu. Abale athu a Chikatolika ku Mua, m'boma la Dedza, ali ndi malo a luso otchedwa KuNgoni, amene adayambitsa Bambo Claude Boucher a ku Canada mu 1976. Amisiri a kumeneko asema ndi kujambula anthu a m'Buku Lopatulika ali ndi nkhope zathu ndi zovala zathu. Tsono tiyese kuganiza kuti mmisiri wa kuno akadajambula ulendo wa ku Aigupto, akadaikamo chiyani. Mwina Mariya akadabereka Mwana kumbuyo ndi chitenje, kamphika kali pamutu, Yosefe atanyamula mphasa ndi kathumba ka ufa, akuwoloka mtsinje wa Bua madzi ali m'chiuno, mudzi uli chakutali amayi akusinja osadziŵa kanthu. Tikachiona motero, mtima ugunda mwina, chifukwa anthu otere tidawaonapo.

Wojambulayo nayenso adawaona. M'masiku ake dziko lakwao linkalamulidwa ndi Mfumu Philip II ya ku Spain, ndipo anthu ankamangidwa, ena kuphedwa, chifukwa cha kusiyana kwa chipembedzo. Mwini wake woyamba wa chithunzichi adali Kadinala Granvelle, nduna yaikulu ya mfumuyo, amene anthu ambiri ankamuda kotero kuti adachoka m'dzikomo mu 1564. Mu 1566 magulu a anthu okwiya adaloŵa m'matchalitchi naphwanya zithunzi ndi zosema. Mu 1567 mfumu idatumiza kazembe wake wankhondo, Duke of Alba, ndi asilikali pafupifupi 10,000, ndipo anthu ochuluka zedi adathaŵira ku England ndi ku Germany, ana ali m'manja. Taganizani, chithunzi cha banja lothaŵa mfumu chinali m'nyumba ya nduna ya mfumu. Munthu angathe kukonda Mariya wa pathabwa, koma osamuzindikira Mariya wodutsa pakhomo pake. Apa ndi pamene pali ngozi yathu nafenso.

Agogo ndi amayi achikulire mukumbukira zaka za nkhondo ya ku Mozambique. Kuyambira makamaka mu 1986, anthu adayamba kuloŵa m'dziko muno ali balalabalala, ku Nsanje, ku Mulanje, ku Mwanza, ku Ntcheu, ku Dedza, ndi m'malire a maboma athu a Lilongwe ndi Mchinji. Adafika oposa 1,000,000, pamene kalembera wa 1987 adapeza kuti m'Malaŵi monse mudali anthu pafupifupi 8,000,000. Ambiri adali amayi ndi ana, ndipo ochokera cha ku Angonia ankayankhula chiyankhulo chathu chomwechi. Mafumu adawapatsa malo omanga, ndipo amayi a m'midzi adagaŵana nao ndiwo ndi mitondo. Kudali kovuta ndithu, nkhuni zidachepa, pachitsime padali mzere, ndipo madandaulo adalipo. Koma adasungidwa kufikira mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka zotsatira adabwerera kwao, monga Yosefe adabwerera Herode atafa. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Dziko lathu losaukali lidakhala Aigupto wa anthu amenewo, ndipo ndi ulemu umene sitiyenera kuutaya.

Nkhaniyi sidathere pomwepo. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa limene tichita nalo malire, malo amene kale adali ndende adasandutsidwa msasa wa othaŵa kwao mu 1994. Adakonzedwera anthu osapitirira 12,000, koma pofika 2023 kudali oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy adasiya abale athu oposa 500,000 a m'chigawo cha kumwera opanda pogona. Ndipo tisaganize kuti ife ndife olandira okhaokha. Mu 2008 ndi mu 2015, pamene alendo ankamenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba ku South Africa, ana athu omwe adapita ku Joni kukafuna ntchito adabwera pa mabasi otumizidwa ndi boma, ena ali ndi zovala za m'thupi zokha. Chaona mnzako chapita, maŵa chili kwa iwe.

Palinso othaŵa ena amene sadutsa malire a dziko, ndipo palibe bungwe lowalemba m'kaundula. Ndi mayi amene agogoda usiku ali ndi mwana kumbuyo chifukwa kunyumba kwavuta. Ndi wamasiye amene walandidwa munda ndi nyumba maliro asanazizire. Ndi banja limene lidabwera kudzagwira ntchito ya fodya, nyengo nkutha opanda ndalama yobwererera kwao. Ameneŵa adutsa m'midzi mwathu ang'onoang'ono monga banja la m'chithunzi, dzuŵa likuŵala, ife tili kalikiliki ndi zathu. Savala chofiira choti tiwazindikire msanga. Ambuye adatiuziratu pa Mateyu 25 kuti pa tsiku lomaliza adzatiŵerengera kulandira mlendo monga kulandira Iye mwini, ndipo onse, olandira ndi okana omwe, adzadabwa kuti adamuona liti. Iye amene adzafunsa funsolo adakhalapo khanda lothaŵa m'dziko la eni.

Tsono pempho langa kwa inu, amayi apampando ndi komiti, ndi ili. Pamene tikuŵerenga zaka zimene Mulungu watisunga, nthambi iliyonse ikakhale pansi nkufunsana kuti m'dera mwao mlendo wovutika ndani, ndipo wamuyendera ndani. Pokolola, mayi aliyense apatuleko mbale imodzi ya chimanga ndi kachitenje kamene saavala, zisungidwe kwa msungichuma, kuti wogogoda usiku asatipeze manja ali m'khosi. Ndipo ana athu tisawalole kutonza mnzao kusukulu chifukwa cha chiyankhulo chake kapena kumene adachokera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa inu atsikana ndi ana asukulu, ndikusiyirani mafunso anai oti muzifunsa mukapeza chithunzi chilichonse, kaya m'buku, pa kalendala kapena pa foni. Loyamba: ndikumva chiyani mumtima, ndipo chandimvetsa zimenezo nchiyani, mitundu kodi, kuŵala, kapena kukula kwa zinthu? Lachiŵiri: chachikulu nchiti ndipo chaching'ono nchiti, nanga chofunika chili pa chiti? Lachitatu: ndi tinthu titi timene taikidwa dala m'mphepete ndi pansi? Lachinai: wojambula wasiya chiyani chimene ndimayembekeza kuona? Mukazoloŵera kufunsa chotere pa chithunzi, mudzayamba kufunsa chomwecho poyang'ana anthu, ndipo mudzaona amene ena sawaona.

Pomaliza, tibwerere kwa Mariya ali pa bulu uja. Dziko lomuzungulira nlalikulu, mfumu yomufuna njamphamvu, njira njaitali, ndipo iye alibe chida chilichonse koma manja aŵiri ogwira mwana. Komabe chipulumutso cha dziko lonse lija, mapiri ake, mizinda yake ndi mtsinje wake, chidali m'manja amenewo. Ntchito zathu za Chigwirizano nazonso zioneka zazing'ono: kuphika pa maliro, kusamba wodwala, kutunga madzi a nkhalamba, kuyala mphasa ya mlendo. Pa chithunzi cha dziko lino sitioneka nkomwe. Koma Mulungu adasankha kuyendetsa Mwana wake pa njira ya kumbali, m'manja mwa mayi wosauka, ndipo sadachite manyazi.

 Amene mukufuna kuona tizilombo tija ndi nthambi zopingasana, mubwere kutsogolo kuno tikatha pemphero, ndipo agogo athu ayambe ndiwo. Ambuye akudalitseni, ndipo akuyendetseni bwino pobwerera kwanu.